Nsalu yopeta ikamakhotera mbali imodzi: gwero lake ndi kawongoledwe kake

Vuto ili wopeta aliyense amakumana nalo, wa ku Kapata ku Chipata ndi wa ku Lundazi yemwe. Ntchito ikamayamba, kanivasi imakhala ndi ngodya zinayi zoongoka bwinobwino. Ikamafika pakati mumangoona ngodya ziwiri zopenyana zatalikirana, ziwiri zinazo zayandikana, nsalu yonse yapendama ngati nkhokwe yodyedwa mizati ndi chiswe. Telala akati aisokere nsalu kumbuyo kuti ikhale khushoni, msoko umapotoka. Mukati muiike mu felemu, mbali ina imasiya mpata pomwe ina yakhwinyata. Kasitomala dzina la vutolo salidziwa, koma maso ake amaona, ndipo mtengo amautsitsa pomwepo.

Kupeta tikunena kuno si kwa lichero ayi. Ndi kuja ena amati needlepoint: kudzaza timabowo tonse ta kanivasi yolimba ndi ulusi, ndi singano yobuntha kunsonga, mpaka kanivasiyo isaonekenso. Nsalu ikakhota, ambiri amaloza chala kanivasi, amati ndi yotchipa. Kawirikawiri kanivasi imakhala ilibe mlandu. Zokhotetsa zili m'manja mwa wopeta mwini wake: mtundu wa sitichi, kakokedwe ka ulusi, ndi kunenepa kwa ulusiwo poyerekeza ndi bowo.

Maso amanama, yesani ndi tepi

Ikani ntchito patebulo losalala. Yesani kuchokera pangodya ya kumwamba kumanzere kufika pangodya ya pansi kumanja, kenaka kuchokera ya kumwamba kumanja kufika ya pansi kumanzere. Miyeso iwiriyi iyenera kufanana. Pa chithunzi cha masentimita 30 mulitali ndi 30 mulifupi, uliwonse uyenera kukhala pafupifupi 42.4. Wina ukakhala 44 wina 41, nsalu yakhota, ngakhale m'manja ikuoneka bwino. Muziyesa chonchi mukamaliza gawo lililonse la ntchito, osadikira kumapeto. Kusiyana kwa theka la sentimita si kodetsa nkhawa, kudzatha powongola. Koma mukaona kuti lero ndi sentimita imodzi, sabata yamawa ziwiri, imani kaye. Mmera m'poyamba, ndipo masitichi 2,000 ndi osavuta kukonza kusiyana ndi 20,000.

Tembenuzani ntchito muone kumbuyo

Masitichi ang'onoang'ono opendama amene amadzaza nsalu zambiri amaoneka chimodzimodzi kumaso: kaulusi kodutsa pamphambano imodzi ya tizingwe ta kanivasi, kuchokera pansi kumanzere kukwera kumanja. Kusiyana kwake kuli kumbuyo.

Mukaona timizere titalitali topendekera mbali imodzi, tonse togona ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo, ndiye kuti mukusoka continental. Sitichi imeneyi imaphimba bwino, ndi yolimba, ndipo ambiri amayambira pa iyo chifukwa imayenda mzere ndi mzere ngati kulemba m'kope. Koma ndi yomweyi imakhotetsa kuposa zonse. Ulusi wa kumaso ukukokera mopendama, wa kumbuyo nawonso mopendama momwemo, chobwezera palibe. Sitichi imodzi imasuntha kanivasi pang'ono zedi moti diso silingaone. Koma khushoni ya masentimita 30 pa kanivasi ya mabowo 10 pa inchi ili ndi masitichi pafupifupi 14,000, onsewo akukokera kumodzi.

Mukaona timizere tifupitifupi toimirira, imeneyo ndi half cross. Imadya ulusi wochepa, n'chifukwa chake ochita malonda amaikonda. Koma imafuna kanivasi yoigwira. Pali kanivasi ya mono, imene tizingwe take tangolukidwa kena pamwamba kena pansi popanda kumangana. Pali ya interlock, imene tizingwe tamangana pamphambano iliyonse. Palinso ya penelope, ya tizingwe tiwiritiwiri. Half cross pa mono imaterereka, sitichi imalowa pansi pa kachingwe, mizere n'kuyamba kuvina. Pa penelope ndi interlock imakhazikika. Komabe kumbuyo kwake n'kopyapyala, choncho ndi yoyenera chithunzi chopachika pakhoma. Pa khushoni yokhalira anthu tsiku ndi tsiku imatha msanga.

Sitichi yothetsa mlandu ndi basketweave. Kumbuyo kwake kumaoneka ngati malukidwe a lichero, timizere tina toimirira tina togona, tapingasana. Mzere wina umakokera pansi, wotsatira umakokera m'mbali, ndiye mphamvu zimathana zokha. Imasokedwa chonchi. Yambani pangodya ya kumwamba kudzanja lamanja. Mizere siyenda mopingasa koma mopendama, wina kutsika wina kukwera, uliwonse kulowa m'mipata ya unzake ngati mano a zipi. Potsika, singano kumbuyo imaima chilili, kudutsa tizingwe tiwiri togona. Pokwera, singano imagona, kudutsa tizingwe tiwiri toimirira. Tsiku loyamba mutu umazungulira, koma dzanja likazolowera silifunanso kubwerera ku continental.

Basketweave ili ndi msampha wake umodzi. Mukasoka mizere iwiri yotsatana yonse kutsika, kapena yonse kukwera, kumaso kumatuluka kamzere kopendama kooneka ngati chipsera, ndipo kameneka sikatha ngakhale muwongole bwanji. Zimachitika mukasiya ntchito kumapeto kwa mzere, mwapita kukapala moto pa mbaula, pobwera mwaiwala komwe mumalowera. Njira yake ndi kusiya singano pakati pa mzere nthawi zonse. Pa kanivasi ya mono palinso chizindikiro china. Yang'anitsitsani mphambano za mzere umene mukufuna kusoka: ngati kachingwe koimirira ndi kamene kali pamwamba, mzerewo ndi wotsika, ngati kogona ndi kamene kali pamwamba, ndi wokwera. Mukatsata lamulo limeneli kuyambira pachiyambi, zigawo zosokedwa masiku osiyana zimakumana popanda chipsera.

Si kuti continental itayidwe. Zilembo za dzina, mizere yozungulira duwa, diso la njovu, kulikonse kumene mtundu uli mzere umodzi kapena iwiri, pamafunika yomweyo. Koma malo aakulu a mtundu umodzi, makamaka a kumbuyo kwa chithunzi, adzazeni ndi basketweave. Ulusi imadya wochulukirapo ndithu, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi khushoni yobwezedwa.

Dzanja lokoka, ndi felemu

Opeta ambiri anayambira pa kusoka zovala, ndiye amatunga singano kulowa ndi kutuluka nthawi imodzi monga popinda mpendero. N'kofulumira, koma kuti singano itero kanivasi iyenera kupindika pachala, ndipo ulusi umakokedwa cham'mbali. Kusoka kosakhotetsa ndi kobaya: singano ilowe chilili, ulusi wonse upite kumbuyo, kenaka ibwerere chilili. Dzanja limodzi pamwamba, lina pansi.

Kuti mudziwe ngati mukukoka mopitirira, lowetsani nsonga ya singano pansi pa sitichi yomwe mwamaliza. Iyenera kulowa mosavuta, sitichiyo ili yogona bwino, osati yolendewera. Onaninso mabowo oyandikana ndi posokedwa: akayamba kuoneka opapatiza kapena opendama, dzanja lalemera. Ulusi umangofunika kugona pa kanivasi, osati kuimanga ngati mtolo wa nkhuni. Munthu wotopa, wokwiya kapena wothamangira oda amakoka kwambiri osadziwa. N'chifukwa chakenso ntchito imodzi isamasokedwe ndi anthu awiri. M'magulu a amayi ena amagawana khushoni imodzi kuti ithe msanga, koma pomwe manja awiriwo akumana pamaoneka, ndipo kukhota kwake kumakhala kosagwirizana, kovuta kuwongola.

Felemu yokungirapo kanivasi popeta imachepetsa vuto kwambiri, ndipo kalipentala aliyense angakukhomereni. Pafunika timatabwa tinayi ta mtengo wofewa ngati paini, tonenepa masentimita 2, kuti mapini azilowa ndi chala. Muuzeni ayese ngodya ndi sikweya, chifukwa felemu yokhota imabala nsalu yokhota. Kanivasi idulidwe motsata kachingwe kake, ndipo isiyidwe malire osapetedwa a masentimita 5 mbali zonse zinayi. Chithunzi cha 30 chifuna kanivasi ya 40 ndi felemu ya 40 kunja kwake. Amene amaumira malirewa pofuna kupulumutsa kanivasi amadzasowa pogwira tsiku lowongola. M'mphepete matani tepi ya pepala kapena pindirani kansalu kuti musayoyoke ndi kukola ulusi.

Pokhoma, yambani ndi pini imodzi pakati pa mbali ya kumwamba, ina pakati pa ya pansi mukukoka, kenaka kumanzere ndi kumanja. Kuchokera pamenepo pitani chakungodya, pini iliyonse masentimita 2 kapena 3, mosinthanasinthana mbali. Ikungike ngati ng'oma. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimafewetsa sitachi ya mu kanivasi ndipo imakhwefuka, choncho muzizula mapini ndi kukunganso. Mkombero wozungulira uja wopetera madoilo ndi nsalu ya timabowo yotchedwa Aida pano sugwira ntchito: umathyola kanivasi yolimba ndi kuphwanya masitichi omalizidwa.

Ulusi ndi bowo zigwirizane

Ulusi wonenepa kuposa bowo umakankha tizingwe ta kanivasi, nsalu imatupa ndi kukhota ngakhale musoke basketweave. Woonda kwambiri umasiya kanivasi ikusuzumira, makamaka pa mitundu yakuda, ndipo wopeta amayamba kukoka kapena kubwereza sitichi pofuna kuphimba. Nambala ya kanivasi ndi mabowo a pa inchi imodzi, yomwe ndi masentimita 2.54. Ngati wogulitsa sakuidziwa, ikani rula muwerenge nokha. Pa mabowo 10, ulusi umodzi wa ubweya wotchedwa tapestry wool ndi singano nambala 18. Pa 12 mpaka 14, singano nambala 20, ndipo pa 14 thonje lopota lonyezimira lotchedwa perle nambala 3 limakwana bwino. Pa 18, singano nambala 22 ndi perle nambala 5, kapena tiulusi 4 mpaka 6 ta thonje lolekanitsika lija la DMC kapena Anchor, limene kamtolo kake kamakhala ndi tiulusi 6 ndi mamita 8. Nambala ya singano ikamakwera, singanoyo ikuonda. Singano yoyenera imadutsa pabowo mokhudza pang'ono, osagwa yokha komanso osakankha tizingwe.

Manambalawa ndi poyambira chabe. Chiweruzo chenicheni ndi kusoka kabokosi ka masitichi 10 mulitali ndi 10 mulifupi m'malire osapetedwa muja, ndi ulusi womwewo ndi sitichi yomweyo, musanayambe ntchito.

Kuno ambiri amapeta ndi wulu wolukira majuzi, kapena womasula ku majuzi a salaula, chifukwa ndi umene umapezeka. Palibe cholakwika, koma dziwani chimene muli nacho. Otchani kachidutswa pa machesi: ubweya weniweni umanunkha tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafufuzika, acrylic amasungunuka n'kusiya kanthu kolimba kakuda, thonje limanunkha pepala. Acrylic amatanuka mukamakoka, kenaka amabwerera n'kufinya kanivasi, choncho amafuna dzanja lopepuka koposa. Wulu womasula kujuzi umakhala wopiringizika ngati tsitsi lomasula mangongo. Uzengeni pamsana wa mpando, mangani malo anayi, unyowetseni, muupachike pamthunzi ndi kabotolo ka madzi kolendewera pansi mpaka uume. Mukaupeta wopiringizika, masitichi amatuluka ena otupa ena ophwa. Ndipo musasakanize ubweya weniweni ndi acrylic m'malo aakulu oyandikana, chifukwa pakunyowa sizifinyika mofanana.

Amene amapeta pa chiguduli cha saka awerenge tizingwe pa masentimita 5 mopingasa ndi motsika. Ngati mbali ina ndi 20 ina 24, duwa lozungulira lidzatuluka ngati dzira, ndipo kumeneko si kukhota koti n'kuwongola, ndi mmene nsaluyo inalukidwira.

Ulusi usatalike kupitirira masentimita 45, kuchokera kunsonga za zala kufika pachigongono. Wautali umaperepeseka podutsa m'mabowo kambirimbiri, umayamba wonenepa n'kuthera woonda. Ukayamba kupotana, siyani singano ilendewere izungulire yokha. Singano izitulukira pabowo lopanda kanthu ndi kulowera pa lomwe lili kale ndi ulusi, kuti isang'ambe sitichi inzake.

Kuwongola yomwe yakhota kale

Kanivasi imaumitsidwa ndi sitachi kufakitale. Ikanyowa sitachiyo imafewa, ikauma imagwira mmene mwaisiyira. Kuwongola konse kwagona pamenepa.

Musanathire madzi, yesani kaye ngati mitundu sisuluka. Nyowetsani kansalu koyera, kadindeni kumbuyo kwa ntchito pa mtundu uliwonse, kuwerenga mpaka 30. Yofiira, yakuda ndi yabuluu wakuda ndi imene imakonda kupereka utoto. Yesaninso mizere imene munajambula pa kanivasi, chifukwa inki ya cholembera wamba imakwera mu ulusi woyera ikangomva madzi.

Pezani thabwa losalala, plywood yonenepa kuposa sentimita imodzi, lalikulu kuposa kanivasi yonse. Yalanipo pepala, mujambulepo muyeso weniweni wa chithunzi. Ngati mulibe sikweya, chitani za amisiri omanga nyumba: masentimita 30 mbali ina, 40 mbali inayo, pakati pake pakakhala 50 ndiye kuti ngodya yaongoka. Jambulaninso mizere iwiri yodutsa pakati. Pamwamba pa pepalalo yalani pulasitiki yoonekera kuti inki ndi utomoni wa thabwa zisakhudze ntchito. Ngati mbali ina ya kanivasi ili ndi mphepete yolimba ya kufakitale, icheke ndi sizasi pang'onopang'ono masentimita 3 alionse, apo ayi mbali imeneyo ikana kutanuka.

Nyowetsani, osamiza. Vikani thaulo loyera m'madzi ozizira, lifinyeni mpaka lisadonthe, kulungani ntchito m'menemo, muisiye maola atatu kapena anayi. Ikatuluka izikhala yofewa ngati chitenge chochapa, koma yosadontha. Igwireni pangodya ziwiri zimene zinayandikana zija, mukoke motalikitsa, pang'onopang'ono, kenaka sunthani manja m'mbali mwake mukukoka cholowera komweko. Ntchito yaikulu imafuna anthu awiri, wina uku wina uku. Osadzidzimutsa pokoka, kanivasi yonyowa imang'ambika.

Igonekeni pathabwa chafufumimba ngati yonse ndi masitichi ang'onoang'ono aja. Ngati ili ndi masitichi otumphuka kapena mikanda, igone chagada kuti asaphwanyike. Khomani pini pakati pa mbali iliyonse, kugwirizanitsa pakati pa chithunzi ndi mizere ya papepala. Kenaka ngodya zinayi. Kenaka dzazani mipata, pini iliyonse masentimita 2, zonse m'malire osapetedwa, zopendekera kunja kuti zisazuke nsalu ikamauma. Muona kuti pini zoyamba zija zikufunika kuzula ndi kusuntha kawiri kapena katatu. Ndi mmene zimakhalira. Pomaliza yesaninso miyeso iwiri yopingasa ija, ndipo onani tizingwe ta m'malire ngati tayenda moongoka kuchokera ngodya kufika ngodya. Mphepete ikakhala ngati mano a sowo, mapini atalikirana.

Mapini akhale osachita dzimbiri, a brass kapena stainless. Dzimbiri likalowa mu ulusi woyera ndiye kwatha. Ngati muli ndi timisomali wamba tokha, tikhomeni masentimita 3 kutali ndi posokedwa, pamalo pomwe mudzadula n'kutaya.

Thabwa ligone see pamthunzi podutsa mphepo. Musaliimike, madzi amatsikira pansi n'kunyamula utoto. Musaliike padzuwa la Okutobala kapena pafupi ndi mbaula: kunja kumauma mkati muli chinyezi, mitundu imafwifwa, ndipo utsi wa malasha ukalowa mu wulu suchoka. M'chilimwe masiku awiri amakwana. M'dzinja ndi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi dikirani atatu kapena anayi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amakhudza pamwamba, amamva pouma, amazula mapini, m'mawa mwake nsalu yabwerera pomwe inali. Lowetsani chala pansi pake, pakamveka pozizira, sinaume.

Mukazula, isiyeni patebulo tsiku lathunthu muyesenso. Yokhota kwambiri siwongoka ulendo umodzi, imafuna kubwereza kawiri kapena katatu. Ya mono imamvera msanga chifukwa tizingwe take timasuntha. Ya interlock ndi yamakani, ndipo mukaikakamiza imaduka. Yopetedwa ndi acrylic imakonda kubwerera chifukwa ulusiwo sumwa madzi ngati ubweya, choncho imalizidwe mwachangu ikangochoka pathabwa: ya khushoni isokeredwe pa nsalu yolimba yosatanuka, ya pakhoma ikungidwe pa kathabwa kopyapyala ndi ulusi wolimba wodutsa kumbuyo uku ndi uku monga zingwe za nsapato. Kanivasi ya pulasitiki siikhota ndipo siwongoledwa, ingoitalikitsani ndi moto.

Nanga mitundu ikakhala yosuluka? Musanyowetse. Ikhomeni pathabwa youma, chafufumimba, mmene ingafikire. Yalani kansalu konyowa pang'ono pamwamba, mubweretse nsimbi yotentha pafupi kuti nthunzi ilowe, osatsamiza nsimbiyo. Kokani, sunthani mapini, bwerezani. Acrylic akakhudzidwa ndi nsimbi amaphwa n'kuyamba kunyezimira, ndipo sabwereranso. Nsimbi ya malasha ipukutidwe pansi ndipo itsekedwe bwino, kakhala kamodzi kokha kamaboola ntchito ya mwezi wathunthu.

Utoto ukachucha

Nthawi zina zimachitika ngakhale munayesa. Mukangoona kufiira kukulowa m'moyera, musalole kuti iume, musaisite. Izuleni pathabwa, muitsukuluze m'madzi ozizira ambiri, kutaya ndi kuthira ena, mpaka madzi atuluke oyera. Zingatenge mabeseni khumi. Kenaka ikulungeni m'thaulo louma, mupondereze kuti madzi achoke msanga, popeza utoto umayenda nsalu ikachedwa kuuma. Mchere ndi viniga zimene ambiri amalangiza musazidalire, sizigwira utoto wa ulusi womwe unanyikidwa kale. Chodalirika ndi kuviika ulusi wokayikitsa musanapete, mtundu uliwonse m'kapu yakeyake, mpaka uleke kutulutsa utoto. Bulichi asayandikire, amadya ubweya. Madzi a pa mjigo ena amasiya chikasu pa zoyera, ndiye ngati a kwanu amadetsa ndowa, sungani a mvula osefa.

Kupewa kuchapa n'kwabwino koposa, chifukwa kuchapa kumachotsa sitachi imene ikanagwira nsalu. Sambani m'manja musanagwire ntchito, makamaka mukadzola Vaseline kapena glycerine, zomwe zimagwira fumbi lofiira la Ogasiti mpaka Okutobala ngati ulimbo. Mukaweruka ikani felemu yonse m'chikwama cha pilo choyera. Pojambula pa kanivasi musagwiritse pensulo, imadetsa ulusi wowala.

Pali chipsera china chimene anthu amachisokoneza ndi dothi: theka la malo a kumbuyo kwa chithunzi likuoneka lowala, theka lakuderako. Umenewo ndi ulusi wa nambala imodzi koma wonyikidwa nthawi zosiyana. Usiku pa tochi kapena nyale ya sola siuoneka, umadzaoneka masana ntchito itatha. Mankhwala ake ndi kugula wokwanira nthawi imodzi. Pa kabokosi koyesera kaja, yesani kutalika kwa ulusi umene kadya. Tiyerekeze kuti pa kanivasi ya mabowo 10 kadya mita imodzi ndi theka. Chithunzi cha masentimita 30 chili ndi timabokosi totero pafupifupi 144, ndiye mamita 216. Onjezani gawo limodzi mwa asanu la zotayika ndi zomasula, afika pafupifupi 260, omwe ndi timitolo 33 ta mamita 8. Gawani chiwerengerochi molingana ndi kukula kwa mtundu uliwonse. Kaya mumagula ku Down Shops ku Chipata, kaya mumaitanitsa ku Kamwala ku Lusaka, kaya mumaolokera ku Lilongwe kudzera pa Mwami, palibe angakulonjezeni kuti mwezi wamawa mudzapeza wofanana ndendende. Sungani kapepala ka nambala. Ulusi ukatha ndithu pakati pa ntchito, musadule mzere woongoka pakati pa wakale ndi watsopano: sinthanitsani mizere ingapo, wakale, watsopano, wakale, kuti diso lisapeze malire.

Zokhudza oda ndi mtengo

Nsalu zambiri zokhota zimabadwa pa tsiku lolandira oda. Wopeta walonjeza tsiku loyandikira, ndiye asiya felemu, asoka motunga, adzaza ndi continental, azula mapini isanaume. Kicheni pate ili Loweruka, ntchito iyenera kuchoka pa singano Loweruka la sabata yapitayo. Masiku asanu ndi awiri amenewo ndi owongola, kuumitsa, kuwongolanso ngati pafunika, ndi a telala. Wogula akaumirira, muuzeni mosabisa: "Amayi, Lachisanu lino ndingakupatseni, koma idzakhota pampando wanu. Mundipatse mpaka sabata yamawa." Dzina kapena vesi lopeta alilembe yekha papepala kapena pa WhatsApp, chifukwa kumasula zilembo kumakulitsa mabowo ndi kufooketsa kanivasi pamalopo. Dipoziti ikwane ulusi wonse ndi kanivasi, pa chifukwa cha mitundu chija.

Mtengo uziwerengedwa ndi masitichi, osati ndi kukula kwa nsalu. Inchi imodzi mbali zonse ili ndi masitichi 100 pa kanivasi ya mabowo 10, 196 pa ya 14, ndi 324 pa ya 18. Khushoni yomweyo ya masentimita 30, imene pa 10 inali masitichi 14,000, pa 14 ikupitirira 27,000. Dziyeseni ndi wotchi ya pafoni kwa mphindi 15, muchulukitse kanayi. Ngati mupeza 400 pa ola, khushoni ya pa 14 ndi maola pafupifupi 68, osawerengera kuwongola. Mukaona chiwerengero chimenechi mudzamvetsa chifukwa chake zinthu zazikulu ziyenera kupetedwa pa mabowo 10, ndipo kanivasi ya timabowo ting'onoting'ono isungidwire tinthu tating'ono: tizikwama ta ndalama, zoikamo magalasi a maso, zopachikira makiyi. Tinthu timeneti sitikhota kwambiri, timatha msanga, ndipo ndi timene mlendo wopita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, kapena wobwera ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, angaike m'thumba osaganiza kawiri.

Chithunzi cha pakhoma chikaikidwa galasi, galasilo lisakhudze ulusi. Uzani wokhoma felemu aike kamtengo kopyapyala m'mphepete kuti pakhale mpweya, apo ayi m'dzinja mkati mumachita nkhungu. Khushoni ikhale ndi zipi, ndipo wogula auzidwe kuti aziikung'untha fumbi ndi kuipukuta pothimbirira pokha, asaiviike m'beseni pamodzi ndi zovala, chifukwa ikanyowa yonse n'kuyanikidwa pachingwe imabwerera kukhota kwake kwakale.

Potumiza pa basi ya ku Lusaka kapena ku Petauke, musapinde. Mzere wopindika pa kanivasi youma umathyola sitachi ndipo umaoneka kumaso. Ikulungeni pa chubu cha katoni kapena kapaipi ka pulasitiki, kumaso kuli kunja kuti masitichi asafinyane, pamwamba kansalu koyera, kenaka pulasitiki yotchinga fumbi ndi mvula. Muuze wolandirayo aimasule tsiku lomwelo, aigoneke patebulo.